Kiyi, Supuni ndi Mabawuti Asanu

Zimene ndinataya chaka chija ndi izi:

Mkazi wanga.
Phokoso la mwana m'nyumba, poti maliro atatha anatsalira kwa agogo ake ku Dambe.
Chilakolako cha tiyi wam'mawa.
Bawuti imodzi mwa mabawuti asanu a panjinga, imene inagwera pamsewu ine osaimva.
Munthu wondigwirira kumbuyo pomanga anayi otsalawo.

Pa zonsezi, zimene ndingathe kufotokoza bwinobwino ndi ziwiri zomalizazo. Zinazo ndimangozitchula basi.

Ndine mphunzitsi. Nditamaliza maphunziro ku koleji ananditumiza ku sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Magaleta, kumene anandipatsa kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa bwalo la mpira. Mkazi wanga anali wa ku Dambe, kumtunda kozizira kuja. Ankachita geni: kukatenga mbatatesi kwa amayi ake ndi kwa alimi ena akumudzi kwawo n'kutsika nazo pa boma, ndipo nyengo ya manachesi ikafika ankatsika ndi manachesi. Titakwatirana anabwera kudzakhala nane ku nyumba ya sukulu, koma geniyo sanaisiye. Anabwera ndi njinga yake. Inenso ndinali ndi yanga. Zonse ziwiri zinali za kaunjika, zotopa kale kwina zisanafike m'manja mwathu, ndipo mwamwayi zitsulo zake zambiri zinkalowana.

Yake inali yosiyana ndi njinga zonse zimene ndinakwerapo. Pa gudumu lakumbuyo pamakhala kagudumu ka mano kotchedwa fuliwilo, kamene kamalola munthu kupumitsa miyendo njinga ikuyendabe. Kake kanatha tisanadziwane. Kankaterereka pachitunda, thumba la mbatatesi lili pakaliyala, moti tsiku lina anagwa nalo. Anagula kena, nakonso sikanamalize dzinja. Atatopa anapita kwa owotcherera pa boma n'kuwauza kuti akawotcherere kumodzi ndi habu, chitsulo cha pakati pa gudumu, kasadzazungulirenso pakokha. Kuyambira pamenepo, gudumu likamazungulira, mapedulo nawonso amazungulira. Kupuma kulibe. Ukasiya kupalasa, mapedulo amakukankha miyendo, ndipo ukachita mphwayi amakutaya.

Nditaiona koyamba ndinamuuza kuti njingayo waiwononga. Anaseka, n'kunena kuti ndidikire mvula. Mvula itabwera ndinamvetsa. M'matope ofiira a m'misewu yathu mabuleki sagwira, timphira take timangoseteka limu ya gudumu. Iye ankatsika zitunda za ku Dambe akubweza mapedulo ndi miyendo, pang'onopang'ono, ngati munthu wotula mtsuko wodzaza.

Koma njinga yotere ili ndi vuto lake. Pakati, pamene pali mapedulo, pali mbale ya mano imene imakoka tcheni. Mbaleyo imamangidwa ku mwendo wa pedulo ndi mabawuti asanu aafupi. Pa njinga wamba mphamvu imapita mbali imodzi. Pa yake mphamvu inkapita kutsogolo pokwera, n'kubwerera kumbuyo potsika, ndipo kukankhakankha kumeneko kunkamasula mabawuti. Ukawalekerera amayamba kulira, tche, tche, ukangoponda pedulo. Kenako amagwa, mbale n'kupindika, tcheni n'kuvuka. Ndipo pa njinga imeneyi tcheni ikavuka potsetsereka, wataya buleki wako weniweni.

Ndiye tinkawamanga pafupipafupi. Bawuti iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Kunja kuli kabowo kolowetsamo kiyi wopindika, kumbuyo kuli nati yathyathyathya yokhala ndi kamng'alu. Ukapotokola kunja popanda wogwira kumbuyo, zonse zimangozungulira limodzi ndipo sumanga kanthu. Kiyi tinali naye. Chogwirira kumbuyo tinalibe, choncho tinatenga supuni ya tiyi n'kunola chogwirira chake ndi tupa mpaka chinalowa m'kamng'aluko. Wonola ndinali ine, wosankha supuni yoti iphedwe anali iye. Kiyi ndi supuniyo ankazimangirira pamodzi ndi kansalu kong'amba ku chitenje chakale.

Munthu wokhala ndi chitsulo chenicheni akhoza kugwira ntchitoyi yekha. Ndi supuni yathu ija inkafuna anthu awiri. Tinkagoneka njinga chagada pakhonde, chishalo pansi, iye n'kunjuta mbali ina, ine mbali ina, nkhope zathu zitayang'anizana kudzera mu felemu.

"Mwagwira?" ndinkafunsa.

"Ndagwira kalekale. Inu ndi amene mukuchita ngati mukulemba pa bolodi."

"Ndikalimbitsa kwambiri ithyoka."

"Aphunzitsi, mphamvu zothyolera bawuti muzitenga kuti? Ku choko?"

Sitinkamanga motsatizana. Ukamanga iyi umadumphira yatsidya, kuti mbale ikhale pakati penipeni, tcheni isamathine pena n'kulendewera pena. Tikatha tinkazunguza pedulo n'kumvetsera. Nkhani zambiri za banja lathu tinazikambira pamenepo: za denga lodontha, za abale ofuna kudzakhala nafe, za dzina la mwana asanabadwe. Pali zinthu zimene sindikanatha kumuuza titakhala pampando, koma manja ali ndi girizi, maso ali pa bawuti, zinkatuluka zokha.

Njinga yanga inayamba kutha pang'onopang'ono, osati chifukwa choikwera. Ine popita ku ntchito ndinkangodutsa bwalo la mpira wapansi. Wa ulendo anali iye. Tayala lake likang'ambika, mawa lake lili tsiku la msika, tinkachotsa langa, amvekere tangobwereka. Kenako tinabwereka chishalo. Kenako gudumu lonse lakutsogolo. Limu yake yakumbuyo itapindika m'dzenje, tinamasula masipoko onse n'kulukira habu yake yowotcherera ija mu limu yanga, ntchito imene inatidyera Loweruka lathunthu ndi kukangana kambirimbiri. Mwendo wa pedulo utang'aluka tinaika wanga, koma mbale ya mano tinasiya yake, chifukwa yanga inali yaikulu, yolemera pachitunda. Pamene mwana wathu wamkazi ankayamba kuyenda, njinga yanga inali itatsala felemu yokha, yopachikidwa kudenga la khitchini, yakuda ndi utsi. Sitinaganizepo kuti tsiku lina wina adzatifunsa kuti chitsulo ichi n'cha yani.

Mkazi wanga anamwalira chakumapeto kwa dzinja. Dzulo lake la tsiku limene anadwala tinamva mabawuti akulira, tinatulutsa kiyi ndi supuni, koma kunabwera alendo ndipo sitinamange. M'mawa anadzuka akudandaula mutu, ku geni osapita. Ndinamusiya atagona pamphasa, mwana akusewera pambali pake, n'kupita kukalasi. Tisanaweruke munthu wina anabwera kudzanditenga. Anansi anali atamutengera kale kuchipatala. Anakhalako masiku ochepa osayankhula, kenako anapita. Madokotala anachita zimene akanatha, ndipo anandifotokozera mwaulemu dzina la matendawo. Ndimalidziwa. Silinandithandize chilichonse.

Kiyi ndi supuni ndinkadziwa pamene zinali. Anaziika yekha m'mawa umenewo pamwamba pa chitseko cha kuchipinda, pakampata ka pakati pa thabwa ndi njerwa. Ndinkadutsa pansi pake polowa ndi potuluka. Sindinazikhudze. Chifukwa chomveka ndinalibe. Kungoti amayi amene anabwera kudzathandiza pa zovutazo anasuntha zonse m'nyumba, anachapa zonse, anakonza bwino kwambiri, moti nditabwerako ku maliro munalibenso chinthu chimene chinali pamene iye anachisiya. Pamwamba pa chitseko pokha ndi pamene sanafikepo.

Tinamuika kwawo. Kumeneko mwana ndi wa kuchikazi, ndipo panalibe amene anandilanda. Inenso ndinkadziwa kuti sindingaphunzitse ndi mwana kumsana. Tinagwirizana kuti atsale ndi agogo ake, ine ndizibwera kudzamuona. Ndinayamba kunyamuka Loweruka m'mawa n'kubwerera Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Msewu wake umadzera pa boma, kenako umayamba kukwera ndipo susiya. Ndinkaukwera pa njinga yake, poti ina kunalibe. Maulendo oyamba mawondo ankandipweteka mpaka pakati pa sabata. Potsika ndinkaiwala n'kufuna kupumitsa miyendo, njinga n'kundikumbutsa mwankhanza. Pang'ono ndi pang'ono thupi linaphunzira.

Ndinkafika miyendo ikunjenjemera. Apongozi anga aakazi, amene anali amasiye nawonso, akandiona ndikubwera ankazungulira kuseri kwa nyumba, monga mwa ulemu wa m'banja limenelo. Mkamwini ndi apongozi sakhala pafupi, sayang'anana. Moni tinkapatsana ine ndili pakhonde, iwo ali kuseri kwa nkhokwe. Zaka zonse za ukwati wathu nkhope yawo ndinkangoidziwira patali. Mwana ankamutumiza kwa ine ali yekha.

Poyamba mwanayo ankandithamangira. Patapita miyezi anayamba kuima kaye, chala chili mkamwa, kundiyang'ana asanabwere. Nthawi ya mayeso ndinalephera kupita kwa masabata angapo. Nditafika anabisala kuseri kwa chitseko, ndipo anatulukako pamene ndinayamba kuliza belu la njinga. Apo ndinadziwa kuti mwana wamng'ono sasunga munthu amene sakumuona.

Nthawi yonseyi mabawuti ankalira. Ndinayesapo kuwagwira kumbuyo ndi mpeni n'kupotokola kunja ndi msomali, koma zinangozungulira. Ndinkadziwa kuti pa boma pali okonza njinga pansi pa mtengo. Ndinkawadutsa. Tsiku lina mmodzi anandifuulira.

"Aphunzitsi! Njingayo ikudandaula, simukuimva?"

"Ndikuimva," ndinayankha, osaima.

Ndinali wotopa ndi chilichonse chofuna kuti ndiime n'kufotokoza. Loweruka lina nditafika ku Dambe ndinapeza pa mbale pali kabowo kopanda kanthu. Anali atatsala anayi.

Anthu atakolola, malume a mkazi wanga, amene ndi eni mbumba, anandiimbira foni.

"Aphunzitsi, nthawi yakwana. Tikufuna tikusudzuleni, mukhale omasuka, poti mukadali mwana. Mubwere ndi ankhoswe anu. Mubweretsenso katundu wa malemu kuti abale agawane. Zovala, ziwiya, ndi njinga ija."

Foni ili kukhutu, ndinayamba kuwerengera. Wapansi, ku Dambe ndi tsiku lathunthu kupita kokha. Njinga yamoto ya hayala si ya sabata ndi sabata. Yanga inali felemu ija ya kukhitchini. Njingayi ikapita, mwana ndizikamuona sukulu ikatsekera basi, ndipo ndinali nditaona kale zimene masabata ochepa amachita. Zonsezi zinali pakamwa panga.

"Ndamva, malume," ndinatero.

Achimwene anga aakulu, amene anali ankhoswe pa ukwati wathu, anabwera kuchokera ku Lisungwi. Iwo anatsogola pa njinga yamoto ndi mtolo wa ziwiya. Ine ndinamanga sutikesi ya zovala pakaliyala, pamalo pa matumba a mbatatesi, n'kutsatira. Zovala sizilemera, koma ulendo umenewo ndinauyenda nthawi yaitali kuposa ena onse.

Mwambo unachitikira pansi pa mtengo wa mapichesi, kuseri kwa nyumba ya apongozi. Kunali mphepo ya chisanu. Abambo tinakhala pamipando, amayi pamphasa chapatali, apongozi kumapeto kwenikweni atapereka mbali, mwana ali pamiyendo pawo. Malume ndi munthu wamfupi, wa chifuwa chosatha, ndipo tsikulo anavala chijasi chowakulira. Sanachulutse mawu. Anati ndinasamala mwana wawo, alibe nane chifukwa, ndine womasuka, ndipo pakhomopo ndizibwera ngati bambo a mwana. Achimwene anathokoza. Amayi anawomba m'manja mwapansipansi. Sindinamve kumasuka kulikonse.

Kenako anatsegula sutikesi. Zitenje zinapita kwa azichemwali, mapoto kwa azakhali, nsapato kwa amene zinamukwana. Ndinkayang'ana pansi. Pomaliza panatsala njinga, itatsamira pamtengo.

Mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wanga, anali atayamba kale kuizungulira. Ndi munthu wapabanja, wanthabwala, ndipo tinkagwirizana. Ankafuna kuyamba kabaza.

"Iyi ndiye musavutike nayo, malume," anatero. "Achemwali ankandikonda ine. Ndiiyese kaye."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuchenjeze, koma anali atakwera kale. Anapalasa bwinobwino mpaka pa khola la mbuzi, pamene njira imayamba kutsetsereka. Pamenepo anafuna kupumitsa miyendo monga achitira aliyense. Pedulo inamunyamula pachishalo, n'kumuponya m'mapesi a chimanga. Anthu anaseka, kuseka koyamba tsiku limenelo, ena akudzigwira pakamwa. Anabwerera akukankha, mapesi ali m'tsitsi.

"Alamu, njinga yanji yosadziwa kuti munthu watopa?"

"Ndi ya achemwali anu," ndinatero.

"N'zoonadi, yatengera mwini wake. Palibe kanthu, ndikasintha gudumu lakumbuyo basi."

Apa achimwene anakonza pakhosi. Sindinawapemphe kuti ayankhule, ndipo sitinapanganepo.

"Pepani malume, tisanapitirire. Gudumu lakutsogololo ndi la mng'ono wangayu. Ndinali naye pogula njinga yake, ndikulidziwa. Chishalocho n'chakenso."

Malume anatembenukira kwa ine. "N'zoona, aphunzitsi?"

"N'zoona."

"Chinanso n'chiyani?"

Ndinatchula: tayala lakumbuyo, limu ya gudumu lomwelo, mwendo wa pedulo wa kumanja, timphira ta mabuleki. Malume ankagwedeza mutu pa chilichonse. Kenako anatsokomola n'kunena mofatsa.

"Ife sitidya za mwana wa eni. Pa mwambo uwu mwamuna amachoka ndi zake, ife timatsala ndi za mwana wathu. Asadzati ku Dambe kuli anthu olanda. Chotsani zanu zonse, musasiye ndi kawaya komwe."

Ananena izi mondikomera mtima, ndipo aliyense anaona kuti n'chilungamo. Mlamu anathamanga kukabwereka masipanala. Anayala matumba awiri pansi, lina la zanga, lina la za malemu. Tinagoneka njinga chagada.

Manja anga ankaidziwa ntchitoyo, ndipo anaigwira osandifunsa. Gudumu lakutsogolo linapita pa thumba langa. Chishalo pa langa. Belu pa lake. Tcheni inavuta, chifukwa inali yolumikiza, mbali ina yake mbali ina yanga, ndipo palibe amene akanaloza polumikizira. Anaiika pakati. Gudumu lakumbuyo linavuta koposa.

"Limu yanu, habu ya achemwali," anatero mlamu, akulizunguza m'manja. "Nanga masipoko ndi a yani? Tiwadule pakati?"

Nalonso analiika pakati. Dzuwa linali litapendeka. Ndinayang'ana matumba awiri aja. Pa lina panali zitsulo zopanda felemu, pa lina felemu yopanda magudumu. Panalibe njinga pena paliponse. Ndinkadziwa kuti ndikumasula njira yanga yobwerera pakhomopo, koma ndinali wotopa kwambiri, ndipo kupitiriza kunali kosavuta kuposa kuyankhula.

Tinafika pa mbale ya mano. Mbale yake, mwendo wanga, zomangidwa pamodzi. Mlamu anayesa sipanala, koma inalibe pogwira. Anayesa msomali. Mabawuti ankangozungulira, osamasuka, osalimba.

"Amafuna kiyi wake," ndinatero. "Ndi wina wogwira kumbuyo."

"Kiyiyo ali kuti?"

"Ali kunyumba."

"Aa, alamu, mwaiwala?"

"Sindinaiwale."

Onse anadikira. Achimwene anandigunda ndi bondo. Ndinayankhula ndikuyang'ana girizi wa m'manja mwanga.

"Achemwali anu anamuika okha pamwamba pa chitseko tsiku limene anadwala. Sindinamuchotsepo."

Mphepo inagwedeza masamba ouma a mapichesi. Mlamu anakanda m'mutu, nthabwala zitamuthera. Kenako ananena motsitsa mawu kuti mwina tingowadula ndi sowo, poti ndi anayi okha, komanso ndi omasuka kale.

"Anayi?"

Mawuwo anachokera kumphasa. Anali apongozi. Sanadzere kwa malume, sanadzere kwa wina aliyense.

"Inu bambo a mwana, mwakhala mukutsika zitunda izi pa mabawuti anayi?"

"Eya, amayi."

"Omasuka?"

"Eya."

"Mukufuna mwanayu aikenso wina?"

Anaimirira, kuberekera mwana kumsana, n'kuyenda kudutsa bwalo lonse mpaka anaima pafupi nane, pafupi moti ndinkaona ming'alu ya m'zidendene zawo. Kumphasa kunamveka manong'onong'o.

"Mukunong'onezana chiyani?" anatero osacheuka. "Mwamusudzula kale, si choncho achimwene? Ndiye ndimuthawirenji?"

Anayang'ana matumba awiri aja, ndi zapakati zosagawika zija.

"Ichi n'chiyani, mwapha mbuzi? Uyu atenga felemu yopanda miyendo, uyu atenga miyendo yopanda felemu. Nanga Loweruka abwera pa chiyani? Mwanayu amayamba kuyang'ana kumsewu dzuwa lisanakwere. Ndizimuuza kuti bambo ake ali pa matumba awiri?"

"Chemwali, mwambo umati..." anayamba malume.

"Mwambo umati za mayi zitsalire mwana. Njingayi ndi ya mwanayu. Miyendo yake sinafike pa mapedulo, ndiye aisunge bambo ake, iziwabweretsa kwa mwini wake. Zitsulo zawozo amubwereka mwana wawo. Pali mlandu pamenepo?"

"Nanga ine, amayi?" anafunsa mlamu.

"Iwe yakugwetsa kale. Ukufuna ikakugwetsenso ndi kasitomala?"

Malume anatsokomola nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti nawonso mtima unakhala pansi. "Ankhoswe, mwamva," anatero. Achimwene anawomba m'manja, akuoneka ngati munthu amene wapambana mlandu umene sanaumvetse.

Kubwezeretsa kunali kofulumira kuposa kumasula. Mlamu anandithandiza, akung'ung'udza kuti mwana wosatha n'komwe kudzimangira nsapato walemera kuposa malume ake. Titaimika njinga, apongozi anali akadali pomwepo. Anagwedeza mbale ija ndi chala, n'kumva mmene ikuseweramo.

"Mawa musakwere potsika. Mukankhe. Loweruka mubwere ndi kiyiyo, ndi supuni yomwe. Ndinkakuonani awirinu pakhonde apa mukabwera kudzacheza. Ndidzagwira ndine." Kenako anawonjezera. "Mukabwera chimanjamanja, njinga idzatsala pano. Sindikuseka."

Ndinakweza maso kuti ndithokoze. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Maso awo anali a mkazi wanga. Ndinayang'ananso pansi msanga.

Mawa lake ndinatsika wapansi, ndikukankha, sutikesi yopanda kanthu ili pakaliyala. Pa boma ndinaima pansi pa mtengo uja n'kufunsa ngati ali ndi bawuti ya pa mbale. Wokonza njinga uja anakhutula chitini cha zitsulo zakale pansi, kufufuza ndi chala, n'kutola imodzi yadzimbiri pang'ono.

"Ndikumangireni pompano, aphunzitsi?"

"Ayi, zikomo. Alipo wondigwirira."

Sabata imeneyo ndinaphunzitsa, ndinachonga makope, ndinadya zimene zinalipo. Pansi pa chitseko chija ndinadutsa monga mwa masiku onse. Lachisanu ana ataweruka, bwalo la mpira lili zii, ndinalowa m'nyumba n'kuima pamenepo. Sipatali. Sindinafune ndi mpando womwe. Ndinangokweza dzanja.

Zinali pomwepo, zozizira, fumbi litakuta. Kansalu kanali komanga mfundo yake ija, yokhotera kumanzere, imene ine sindinaidziwe kumanga. Sindinaimasule. Ndinaganiza kuti ikamasulidwira ku Dambe, pamene padzafunika. Ndinaika kiyi ndi supuni m'thumba la malaya pamodzi ndi bawuti yachisanu, n'kukhala pansi pakhomo la chipindacho, pamalo pamene panali mphasa m'mawa uja.

Tsiku limene anadwala lija, belu la sukulu linali litalira kale, ndipo ndinkafulumira. Ndinali nditafika pakhomo, mabuku ali kukhwapa, pamene mkazi wanga anandiitana. Sanadzutse mutu. Anangochotsa dzanja pamaso n'kuloza m'mwamba.

"Kiyi ndi supuni ndaika pamwamba pa chitseko, mwanayu angameze. Mukaweruka timange."